TV ya m'sitolo si imene mukaonere kunyumba

TV iliyonse imaoneka bwino m'sitolo. Lowani musitolo ya zamagetsi ku Limbe, ku Ginnery Corner kapena ku Chichiri, mukapeza khoma lonse lili ngwee: mbalame zamawangamawanga, madzi akugwa pamathithi, tomato wofiira psuu mpaka malovu kudzaza m'kamwa. Chimene wogulitsa sakuuzani n'chakuti zithunzi zimenezo sizikuchokera padishi kapena paeriyo. Ndi kanema amene kampani inakonza mwapadera n'kumuika m'kati mwa TV momwemo kapena pafulashi, ndipo TV-yo aitchera kuti iziwala mopitirira muyezo, kuti isagonje ndi magetsi a padenga la sitolo. Mukafika nayo ku Bangwe n'kulumikiza dekoda yanu ija, mumayamba kufunsana ngati sanakusinthireni m'katoni.

Sanakusinthireni ayi. TV ndi yomweyo, chasintha ndi chimene mukuilowetsera.

Pabanja pathu ndine amene ndimatumidwa zogula zoterezi, ndipo pafupifupi aliyense amayamba ndi funso limodzi: "Kodi yabwino ndi Samsung kapena Hisense?" Funso limenelo ine ndimaliika kumapeto. Ndimayamba ndafunsa kuti kunyumbako amaonera chiyani, amakhala patali bwanji ndi khoma, komanso magetsi kudera kwawoko amayenda bwanji. Ena amakhumudwa, amaona ngati ndikuzemba. Koma ndalama zambiri zimene ndaona zikutayika pa TV sizinatayike chifukwa cha dzina la kampani.

Chithunzi cha pa TV ndi timadontho ting'onoting'ono tambirimbiri tondandalikidwa m'mizere. Mawu onse olembedwa pakatoni aja, HD Ready, Full HD, 4K, akungonena kuchuluka kwa timadontho timeneti. HD Ready nthawi zambiri imakhala ndi timadontho 1366 chopingasa ndi 768 chotsika, tonse pamodzi topitirira pang'ono 1 miliyoni. Full HD ndi 1920 kwa 1080, topitirira 2 miliyoni. 4K, imene ena amalemba kuti UHD, ndi 3840 kwa 2160, topitirira 8 miliyoni, ndiye kuti Full HD kanayi. Pansi pa zonsezi pali chithunzi chimene tinakula nacho kuyambira pamene TVM inayamba kuulutsa mu 1999, cha mizere 576 yokha, chimene amachitcha SD. Pa ma TV achikale aja a chimsana chinkatikwanira bwinobwino.

TV singapange timadontho timene wailesi sinatumize. Ikalandira chithunzi cha mizere 576 imachitambasula kuti chidzaze sikirini yonse, mipata n'kumaidzaza mongoganizira. Pa TV ya mainchesi 32 diso silidandaula kwenikweni. Pa ya mainchesi 65 nkhope ya owerenga nkhani imaoneka yopakapaka, manambala a pajezi za osewera osawerengeka. Tsono matchanelo ambiri amene timatsegula tsiku ndi tsiku, makamaka pamapakeji otsika mtengo, amabwerabe mu SD. Amene ali mu HD pa DStv amafuna dekoda ya HD, ndipo 4K padishi ndi yosowa zedi. Munthu amene moyo wake wa TV ndi nkhani za usiku pa MBC, Times kapena Zodiak, mapemphero a Lamlungu ndi makatuni a ana, akagula 4K yaikulu walipira timadontho timene tizingokhala.

Apa ndiye pamene kampani imayamba kukhala ndi tanthauzo, chifukwa ma TV amasiyana luso lotambasula chithunzi chosalongosoka. Ena amachisalaza bwino, ena amangochifufumitsa. Ndiye musamayese TV ndi mbalame zija. Uzani wogulitsa akutsegulireni tchanelo wamba, kapena nyamulani fulashi yanu yokhala ndi kanema wa ukwati uja anajambula mnyamata wa m'dera mwanu. TV imene ikuonetsa bwino apongozi ali pa perekaniperekani pakanema wotere ndiyo ikagwire ntchito kwanu.

Mlamu wanga wa ku Chilomoni anagula ya mainchesi 43, yatsopano, ya Full HD. Patangopita masiku anandiimbira foni mawu ali pamwamba.

"Alamu, atibera anthu aja. Bwerani mudzaone nokha, ikuposedwa ndi yakale ija."

Nditafika chithunzi chinalidi mbuu, zolemba za pansi pasikirini zikunjenjemera m'mbali. Ndinasuzumira kumbuyo. Dekoda inali ya HD ndithu, koma analumikiza ndi chingwe chija cha mitu itatu, wachikasu, wofiira ndi woyera, chimene anachotsa pa TV yakale. Mutu wachikasu uja sunyamula HD ngakhale mutaupempherera. Chingwe cha HDMI chinali chikadali m'katoni ya dekoda, chisanamasulidwe n'komwe. Titachilumikiza n'kutsegula mpira, udzu wa m'bwalo unayamba kuoneka kuti ndi udzu. Mlamu anangoti, "Aaa, koma zinthu izi," n'kukhala pansi. Mayi a kunyumba ndi amene anaseka kwambiri, poti iwo ananena kale kuti m'katonimo mwatsala waya wina. Ndimaganiza kuti nyumba zambiri mu Blantyre muno zili ndi TV ya HD imene sinaonetsepo HD chigulireni. Ndipo HDMI yodula ndi yotsika mtengo zimaonetsa chithunzi chimodzimodzi pamtunda wa mita kapena awiri. Kusiyana kwake kumangokhala kulimba.

Za kukula kwa TV zimafuna tepi yoyezera, ndipo tepiyo igwire ntchito kawiri: kunyumba ndi kusitolo.

Kunyumba yezani kuchokera pasofa imene mumakhala kufika pamene TV idzakhale. Diso la munthu lili ndi malire. Pa TV ya mainchesi 32, mukakhala patali kupitirira mamita awiri, HD Ready ndi Full HD simungazisiyanitse. Pa ya mainchesi 55, kuti muone phindu la 4K muyenera kukhala pafupi kusiyana ndi mamita awiri ndi kachidutswa. Nyumba zambiri za lendi ku Ndirande, Zingwangwa kapena Chirimba, pabalaza pake sofa ndi khoma zimatalikirana mamita awiri ndi theka kapena atatu. Pamtunda wotere ya mainchesi 43 ya Full HD imakwana, ndipo ya 50 kapena 55 ndi yabwino ngati thumba likulola komanso ngati zimene mumaonera ndi za HD. Masiku ano ma TV a mainchesi 50 kupita m'mwamba pafupifupi onse ndi 4K, choncho simusankha, imangobwera yokha. Chimene ndimakana ndi kuwonjezera ndalama pa ya 43 chifukwa choti alembapo 4K, pamene ndalama yomweyo ikanagula zina zimene nditchule kutsogoloku.

Kusitolo tepi ndi yogwirira akathyali. Mainchesi a TV amayezedwa chopingasa kuchokera pakona ina kufika pakona yoyang'anizana nayo, galasi lokha, osawerengera pulasitiki wa m'mbali. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Ndiye ya 32 iyenera kukwana masentimita pafupifupi 81, ya 43 pafupifupi 109, ya 55 pafupifupi 140. Pali ma TV ena otsika mtengo modabwitsa amene pakatoni alemba nambala yaikulu koma mukayeza mupeza mainchesi angapo akusowa. Omwewo ndi amene amakhala ndi dzina la kampani yotchuka lomata ndi guluu. Njira yachidule yowagwirira ndi kutsegula menyu. Samsung yeniyeni yolumikiza ku intaneti imayendera pulogalamu yotchedwa Tizen, LG imayendera webOS. Mukaona yolembedwa Samsung koma m'kati muli Android, bwezani rimoti mwaulemu n'kutuluka. Nambala ya TV yolembedwa papepala la kumbuyo ifanane ndi ya pakatoni komanso ya m'menyu.

Wogulitsa akamati "plasma iyi, bwana" musatekeseke, amatanthauza TV yopyapyala iliyonse. Ma plasma enieni makampani akuluakulu anasiya kupanga cha m'ma 2014, ndiye wina akakutsatsani yeniyeni dziwani kuti ndi yokalamba, yolemera, ndipo imamwa mayunitsi. Zimene zili m'masitolo lero pafupifupi zonse ndi LCD zounikiridwa ndi timababu ta LED kumbuyo. QLED ndi LCD yomweyo yowonjezeredwa kansalu kokometsa mitundu. OLED ndiye ina: kadontho kalikonse kamawala pakokha, choncho pakuda pamadadi bii. Ndi yokongola, sindikana, koma mtengo wake ndi wa anthu ena, ndipo chizindikiro cha tchanelo chikakhala pakona imodzi tsiku lonse kwa zaka chimatha kusiya chipsera pasikirini.

Chimene anthu olemba za ma TV kunja sachiganizira kwambiri ndi mmene ife timakhalira poonera. Iwo amaganiza za anthu awiri pasofa moyang'anizana ndi TV. Kwathu kuno tsiku limene Bullets ikukumana ndi Wanderers, bambo ali pampando wawo, alendo pasofa ya m'mbali, ana pamkeka pansi penipeni pa TV akuyang'ana chagada, mnyamata wa nyumba yoyandikana waima pakhomo. Magalasi a LCD alipo a mitundu iwiri ikuluikulu. Otchedwa VA amaonetsa pakuda pakuda bwino mukakhala kutsogolo kwenikweni, koma mukasunthira pambali mitundu imasuluka. Otchedwa IPS pakuda pake ndi potuwirako, koma amaoneka chimodzimodzi ngakhale muli pambali. Pakatoni nthawi zambiri salemba. Ndiye m'sitolo momwemo yendani mupite chakumbali kwa TV, kenako njutani pansi muyang'ane chokweza. Anthu akuyang'anani, inde. Ngati nkhope za pasikirini zatuwa mutangosuntha mapazi awiri, ganizirani amene kunyumba kwanu amakhala pamkeka. Amene amakonda mafilimu usiku magetsi atazimitsa, ali yekha kapena awiri, VA ndiyo yake.

Za mawu sinditalikitsa. TV yopyapyala ilibe malo oikamo sipika yeniyeni, ndipo mvula ya mu Januwale ikayamba kusweka pamalata simumva kanthu. Onetsetsani kuti ili ndi potulutsira mawu kupita kumasipika akunja: pobaya mahedifoni, optical, HDMI yolembedwa ARC kapena Bluetooth. Muwerengenso mabowo a HDMI. Awiri amatha msanga, dekoda ikatenga limodzi, gemu ya ana lina.

Tsopano magetsi, amene kwa ine ndi theka la nkhani yonse.

Pa 25 Januwale 2022 Flames inkasewera ndi Morocco ku Yaoundé mu ndime ya matimu 16 ya AFCON, ndipo Gabadinho Mhango anamenya chigoli chija chakutali chimene dziko lonse lapansi linakamba. Namondwe wa Ana anali atangowomba kumene chigawo chakummwera, madzi ataononga malo opangira magetsi a Kapichira pamtsinje wa Shire, amene ankapereka pafupifupi mamegawati 130. Nyumba zambiri zinali mumdima. Usiku umenewo TV yabwino mu Blantyre sinali yaikulu kapena ya 4K, inali imene ikanayaka ndi batire. Kapichira inatenga nthawi yoposa chaka kuti ibwerere, ndipo ambiri tinaphunzira kuwerenga mawatsi nthawi imeneyo.

Kumbuyo kwa TV iliyonse kuli kapepala kolembedwa mphamvu imene imadya. Ya mainchesi 32 nthawi zambiri sifika mawatsi 60, pamene ya 55 imatha kudya kuwirikiza kawiri kapena kuposa. Pamagetsi a mayunitsi kusiyanako mumakuona pang'onopang'ono. Pabatire ndi inveta mumakuona usiku womwewo, pamene yaikulu ithima mpira uli m'chigawo chachiwiri. Ngati kwanu mumadalira sola, alipo ma TV ang'onoang'ono a 12V olumikiza kubatire mwachindunji osadzera pa inveta, ndipo musaiwale kuti dekoda nayo imadya yake.

Choopsa si kuthima kwa magetsi koma kubwera kwake. Amatha kubwera mwamphamvu, kapena kuphethiraphethira kangapo asanakhazikike, ndipo bolodi ya mphamvu m'kati mwa TV ndiyo imayamba kupsa. Funsani amisiri okonza ma TV mumsika wa Limbe kapena wa Ndirande, akuuzani kuti zimene zimawadyetsa ndi bolodi imeneyi ndi timababu ta kumbuyo kwa sikirini. TV guard, kaja kamadikira kaye magetsi akabwera kasanawalole kudutsa, mtengo wake ndi kachigawo kakang'ono ka mtengo wa TV. Kugula TV popanda kameneka n'chimodzimodzi kumanga khola la nkhuku osaikapo chitseko. Koma nako kali ndi malire: mphenzi sikaitha. Ziphaliwali zikayamba, zulani pulagi kukhoma, muzulenso waya wochokera kudishi kapena kueriyo, chifukwa mphenzi imalowera kumenekonso, kudutsa m'dekoda, n'kukafika pa TV kudzera pa HDMI. Waranti yambiri siivomera TV yopsa ndi magetsi kapena mphenzi. Funsani zimenezo musanalipire, muone mmene nkhope ya wogulitsa isinthire.

Timababu tija timatha msanga TV ikamawala mphamvu zonse tsiku ndi tsiku. Mukangofika nayo kunyumba ichotseni pamakonzedwe a m'sitolo, muchepetse kuwala kwa kumbuyo kufika chapakati. Maso apuma, mayunitsi apuma, TV-yo ikhalitsa.

Nanga Smart TV? Wogulitsa adzakutsegulirani YouTube ndi Netflix pa intaneti ya sitolo, zonse zikuyenda myaa. Funso ndi lakuti kunyumba bandulo adzagule ndani. Netflix yokha imanena kuti kuonera mu HD kumatha kudya mpaka 3GB pa ola, ndipo 4K mpaka 7GB pa ola. Mukalumikiza TV kufoni yanu ya Airtel kapena TNM, mwana n'kutsegula makatuni, bandulo ya mwezi itha dzuwa lisanalowe. Amene ali ndi intaneti yosawerengera, kaya ya waya kaya Starlink imene inafika m'dziko muno mu 2023, iwowo 4K ili ndi ntchito ndithu, ndipo ndi okhawo amene ndimawalimbikitsa kuifunafuna. Enafe chofunika ndi kulowa m'makonzedwe a YouTube n'kutsitsa chithunzi. Komanso ubongo wa Smart TV umakalamba msanga kuposa galasi lake. Pakapita zaka mapulogalamu amayamba kuchedwa, ena kusiyiratu. Ma TV otsika mtengo olembedwa Android, amene si Android TV kapena Google TV yovomerezeka, nthawi zambiri Netflix imakana kuonetsa HD pamenepo. Ine ndimasankha galasi labwino. Kabokosi kolumikiza pa HDMI kopangitsa TV kukhala smart mukhoza kugula chaka china, n'kudzasinthanso kakatopa.

Ambiri timaitanitsa kwa abale akunja kapena kugula zogwiritsidwapo kale ntchito. Dziko lathu polowa mu digito linasankha njira yotchedwa DVB-T2, imene madekoda a Kiliye Kiliye ndi GOtv amagwiritsa ntchito. TV yolembedwa DVB-T2 imatha kugwira yokha ndi eriyo matchanelo osatsekedwa. Olipira amafunabe dekoda yawo. Ya ku UK imagwirizana nafe bwino: magetsi ndi 230V ngati kuno, pulagi ndi ya mano atatu yomweyi, ndipo yokhala ndi Freeview HD ndi DVB-T2. Ya ku Joni nayo ilibe vuto kupatula pulagi, ndipo Hisense ili ndi fakitale ku Atlantis pafupi ndi Cape Town. Ya ku America ndi ya ku Japan ndiye samalani. Magetsi a ku America ndi 120V, a ku Japan 100V, njira zawo zoulutsira ndi zina, ndipo ma TV ena a ku America amakana chithunzi cha 50Hz chimene madekoda athu amatulutsa. Kapepala ka kumbuyo kwa TV ya ku America kapena ku Japan kakapanda kulembedwa 100-240V, musaibaye kukhoma. Mlongo wanu ku Texas akafuna kukutumizirani TV, mupempheni mwaulemu atumize ndalama.

Mitengo sindilemba. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo TV iliyonse m'dziko muno imabwera ndi ndalama zakunja. Mtengo umene mwamva kwa mnzanu amene anagula chaka chatha ndi mbiri chabe. Yendani masitolo angapo tsiku limodzi, mulembe nambala ya mtundu wa TV-yo osati dzina la kampani lokha, chifukwa ma TV awiri a kampani imodzi, mainchesi ofanana, amatha kukhala zinthu zosiyana kotheratu. Ndipo ku Limbe mtengo woyamba si womaliza.

Funso lija la Samsung kapena Hisense yankho langa ndi ili: Samsung, LG, Sony, Hisense, TCL, onsewa ali ndi ma TV abwino ndi ena ongoti bola. Chimene chimandikokera ku mayina odziwika si kukongola kwa chithunzi kokha, koma kuti ikaonongeka mmisiri amapeza bolodi yake, ndipo rimoti ikatayika mumaipeza pamsika. Ya dzina losamveka ikafa mumangoisunga pamwamba pa wadiropu.

Mukasankha, musalole kupatsidwa katoni yomata n'kumapita. Aitsegule pomwepo, aiyatse. Pafulashi panu pakhale chithunzi choyera mbee ndi china chakuda bii. Pachoyera mufufuze kadontho kakufa kapena mzere. Pachakuda muone ngati kuwala kukutuluka m'makona. Bayani bowo lililonse la HDMI ndi la USB. Lisiti likhale lolembedwa nambala ya TV-yo, ndipo funsani kuti ikavuta mubwere nayo pomwepo kapena akutumizani kwina, komanso waranti ndi ya miyezi ingati, alembe. Wogulitsa akayamba zoti "popanda lisiti tikuchotserani pang'ono, achimwene," dziwani kuti chimene akuchotsacho ndi ufulu wanu wodzadandaula, ngakhale ku bungwe la CFTC limene limamva madandaulo a ogula.

Ponyamula, TV iime chilili, isagone chafufumimba kapena chagada, chifukwa galasi lake ndi lopyapyala ndipo bampu imodzi ya msewu wa ku Machinjiri ikwanira kuling'amba m'kati osaoneka kunja. Pakabaza ayi. Mumnibasi, lipirani mpando wake, muigwire nokha, kondakitala asaikankhire kubuti pamodzi ndi matumba a makala. Ngati ndi ya mainchesi 50 kupita m'mwamba, ndalama ya takisi muiwerengere pamtengo wa TV. Katoni musataye, anthu a lendi timasamuka. Ndipo musanaboole khoma kuti muikepo bulaketi, funsani eni nyumba ngati njerwazo anamangira simenti kapena dothi.